Kutukwana kunali ndi bwalo lake

Nthawi iliyonse kanyimbo kolaula kakatchuka, kapena kavidiyo ka munthu akulalata kakayamba kuyenda m'magulu a WhatsApp, pamapezeka wamkulu wina, kawirikawiri wa tayi kapena wa kolala, wonena kuti zimenezi si chikhalidwe chathu. Amati Amalawi ndife anthu aulemu, zotukwanazi zabwera ndi mafilimu, zabwera ndi intaneti, zabwera ndi ana osamva a masiku ano. Za ulemuzo ndikuvomera. Zinazo ayi, ndipo ndikukhulupirira kuti onenawo mumtima amadziwa kuti akutiphimba m'maso, pokhapokha ngati anakulira mumpanda wa mishoni osapondako pa bwalo la gule, osamvako amayi akuimba pochokera kumtsinje ndi namwali.

Chichewa chili ndi mawu otukwana akale kuposa tchalitchi chilichonse m'dziko muno, ndipo palibe anachita kuwaoda kunja. Olemera kwambiri, aja oti munthu akakuponyera pamsika umamva kutentha m'makutu, ndi athuathu, ndipo pafupifupi onse amaloza dera limodzi, kuyambira pa mchombo kutsika mmunsi. "Pamtumbo pako" ndi wamng'ono m'banjamo. Akuluakulu ake sindiwalemba pano, osati poganiza kuti simuwadziwa, koma chifukwa azakhali anga ana awo anawagulira foni ya intaneti ndipo masiku ano amawerenga chilichonse.

Wofuna kukubaya penipeni sataya nthawi ndi thupi lako. Amakudumpha n'kukagwira amene anakubala. Mnyamata wa sitandade 5 akhoza kupirira kutchedwa galu, mbuzi, nyani, chitsiru, kape, zonsezo akungoseka. Koma wina angoti "amako", osawonjezera kanthu, makope amaponyedwa pansi, malaya amavulidwa, anzawo amazungulira. Aphunzitsi akafunsa chimene chinayambitsa ndewu, yankho limakhala lakuti "ananditukwanira mayi anga", ndipo aphunzitsiwo, ngakhale alange onse awiri, amadziwa amene anaputa mnzake.

Tilinso ndi kutukwana kopanda liwu loipa ngakhale limodzi. Kumuuza munthu wa imvi kuti "iwe". Kutchula apongozi dzina pagulu. Kutsonya mayi ako akukulankhula, kaphokoso kosalembeka n'komwe, ngakhale a pa Facebook ayesetsa ndi "mxii" wawo uja. Mlendo wophunzira Chichewa m'buku sangaone cholakwa pamenepa, koma nkhani zotere zimafika kwa ankhoswe, zina mpaka kwa anyakwawa, nkhuku n'kulipidwa. Kwathu kuno oweruza amayamba afunsa kuti wanena ndani, wanenera ndani, ndipo anali pati. Liwu lenilenilo limabwera pambuyo.

Obwereka tili nawo, inde, koma taonani kupepuka kwake. "Fotseki" anabwera m'masutikesi a madoda ochokera ku migodi ya ku Joni. Ndi liwu la Chiafrikaans lothamangitsira galu, ndipo anthu athu analimva mokwanira zaka zimene Wenela inkatuta amuna kuno, Kamuzu asanaimitse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Dzina la Wenela linatsalira depoti ya basi ku Blantyre, fotseki anatsalira pakamwa pa agogo othamangitsa nkhuku pa mphasa ya ufa. "Shupiti" naye ndi wa kwa atsamunda, koma lero mayi amamuuza mwana wake uku akumupukuta mamina. Sindinamvepo munthu atapita kwa mfumu chifukwa cha shupiti.

Ndiye makolo athu pakamwa pawo sipanali poyera kuposa pathu. Chimene ankadziwa ndi kuwamangira mawuwa mpanda.

Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 ndipo timamuonetsa kwa alendo monyadira, ali ndi nyimbo zimene wailesi iliyonse singayerekeze kuulutsa. Za kudambwe sindinena, si za pa intaneti. Ndikunena za pa bwalo, pamene aliyense amamva: amuna ndi amayi amaponyerana nyimbo zotchula ziwalo mosapsatira, amayi akuwomba m'manja, akuyankha mwamphamvu kuposa amunawo. Mayi yemweyo mawa lake akakumana panjira ndi bambo amene ankaimbirana naye, amapatukira m'mbali, amanjuta, maso pansi, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Palibe amene amaona kusemphana kulikonse. Dzulo anali pa bwalo, lero ali panjira, basi. Wokayika akacheze ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 n'kusonkhanitsa mbiri ya zilombo mazanamazana, nyimbo zake ndi matanthauzo ake.

Kuchinamwali n'chimodzimodzi. Anamkungwi sazungulira. Mtsikana amene moyo wake wonse wakhala akuuzidwa kuti "khala bwino" ndi "usamatchule zimenezo" amamva kutsimba chilichonse ndi dzina lake, m'nyimbo ndi m'mavinidwe, kuchokera kwa amayi omwe aja amawaopa. Sindikuti zonse za kutsimba zinali zabwino. Zina mafumu aletsa, ndipo zinayenera kuletsedwa kalekale. Koma pa nkhani ya mawu, kumeneko kunali kusukulu, ndipo mphunzitsi sangaphunzitse chinthu chimene akuopa kuchitchula. Pamtondo napo panali bwalo lina laling'ono. Mayi wokwiya ndi mwamuna waulesi, kapena ndi mkazi mnzake, ankaika mkwiyowo m'nyimbo, munsi ukugunda, dzina osatchula, mudzi wonse n'kumva, mwini nkhani n'kudzimva yekha. Chigayo chinatipeputsira ntchito, koma bwalo limenelo chinapita nalo.

Bwalo limene limandisangalatsa kwambiri ndi la asuweni ndi adzukulu, chifukwa limayenda ndi munthu. Msuweni wako ali ndi chilolezo chokunena za mutu wako, za miyendo yako, za kulephera kwako kupeza banja, pamaso pa aliyense, ndipo ukakwiya wolakwa ndiwe. Anzathu a ku Zambia anachikuza chinthuchi mpaka chinafika pa mitundu yathunthu: Mngoni ndi Mbemba akakumana, ngakhale pa maliro, amanyozana, amapakana ufa, onse akuseka, ndipo amachitcha chimbuya.

Pa maliro ena kwawo kwa amayi ku Dedza ndinaperekeza atsibweni kumanda kukaona ngati dzenje latha. Nafe panali mwana wa malemu, wochokera m'tauni, suti yakuda, magalasi akuda, nsapato zowala. Adzukulu anali atakhala pa mulu wa dothi lofiira akudikira nsima. Mmodzi wa iwo, wopanda nsapato, khasu lili pakati pa miyendo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Eee, abwana afika! Nsapato kuwala chonchi, bambo ako amwalira chigamba chili pathako." Sanalekere pomwepo. Anawonjezera zina zokhudza mimba ya abwanawo ndi zimene zili kunsi kwake, zoti pano sizingalembeke. Adzukulu onse anafa nalo phwete. Atsibweni anayang'ana kumbali mapewa akugwedezeka. Abwana aja anavula magalasi, anamwetulira mokakamiza, anapisa m'thumba n'kupereka ya fodya. Tsiku lina lililonse, malo ena aliwonse, pakanakhala ndewu kapena samani. Koma amene ananenayo anali atakumba manda a bambo ake kuyambira mbandakucha, ndipo zimene ananenazo ndi zimene mudzi wonse unkanong'onezana kwa zaka. Panafunika munthu mmodzi wololedwa kuzinena mokweza.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yanga. Chilolezo chotukwana chinkabwera ndi ngongole. Msuweni amene amakunyoza ndi yemweyo amene amathamanga ukadwala. Mdzukulu amene amakuchititsa manyazi ndi amene amanyamula mtembo wa kwanu. Namkungwi amene amalaula pamaso pa mwana wako adzakhalapo tsiku limene mwanayo adzachire. Unkayamba wasenza katundu wa munthu, kenako n'kupeza ufulu womulankhula motero.

Amishoni atafika, a Dutch ku Mvera mu 1889, ansembe a White Fathers ku Mua mu 1902, nyimbo zomwezi zinali pakati pa zimene anadana nazo pa nyau. Mkhristu anauzidwa kuti asankhe, dambwe kapena kalasi. M'malo mwa chinamwali mipingo inakonza chilangizo. Chichewa cholembedwa chinabadwira m'manja mwa anthu amenewa, m'mabuku a sukulu, m'nyimbo za m'tchalitchi, m'Buku Lopatulika la 1922 momwe mwamuna "amadziwa" mkazi wake, ndipo chinabadwa chitavala kale mpaka m'khosi. Kuyambira pamenepo takhala ndi Chichewa chiwiri, cha papepala ndi cha pa bwalo, ndipo amene amati "si chikhalidwe chathu" amakhala akunena za cha papepalacho. (Ngakhale m'Buku lomwelo Yesu sanali wonyengerera: Afarisi anawatcha njoka ndi manda opaka njereza, Herode anamutcha nkhandwe. Mlaliki atayesa zimenezo lero pa nduna ina, Lolemba akhoza kuitanidwa ku sinodi.)

Kamuzu anadzamanga pa maziko omwewo. Umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo linabwera mu 1968, la kavalidwe loletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi mu 1973. Wailesi inali imodzi, MBC, TV kunalibe. Dziko linkaoneka laulemu zedi. Komatu kunyoza sikunathe, kunangopatsidwa njira imodzi yoyendamo. Pa misonkhano ya chipani mbumba inkaimba nyimbo zonyoza amene boma linawatcha zigawenga, a Chipembere, a Kanyama Chiume, ndipo wailesi yaulemu ija inkaziulutsa. Kuloza kumwamba ndiye kunali kuika moyo pachiswe. Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ndipo iye sanatukwane munthu, ankangophiphiritsa m'ndakatulo. Zipani zambiri zitabwera mu 1994, amayi ovina anasintha nsalu, koma nyimbo zonyoza wa chipani china zinapitirira, mayina okha ndi amene ankasinthidwa.

Mbadwo wathu unakula mpanda wa boma utagwa. Wailesi zinachuluka, TV inafika mu 1999, m'timisasa ta mavidiyo ku Ndirande ndi ku Kawale ana ankalipira makobiri kuonera mafilimu a nkhondo odzaza ndi zotukwana, ndipo matepi a rap a ku America ankadutsana m'masukulu ogonera konko. Ku America komweko anali atakangana kale za nyimbo zotere. Mu 1985 gulu la amayi lotsogozedwa ndi Tipper Gore linakafika nazo ku Senate, nyumba ya malamulo ya kumeneko, ndipo mapeto ake kunabwera kachizindikiro kakuda ndi koyera ka Parental Advisory, kamene kwa ife kanasanduka umboni woti tepiyo ndi yonyamula. Lero oimba athu ena amadziikira okha kachizindikiroko pa zithunzi za nyimbo zawo, popanda wowauza.

Chodabwitsa ndi mmene zotukwana za Chingerezi zimadutsira pakati pathu osagunda kanthu. Pa ukwati wina mu holo ku Lilongwe, nthawi ya perekaniperekani, DJ anaika nyimbo ya ku America imene korasi yake, ikanamasuliridwa m'Chichewa liwu ndi liwu, ukwatiwo ukanathera pomwepo. Amayi a kumpingo anali kutsogolo, ma K200 ali m'manja, akuvina modekha kupita ku lichero. Abusa ankagwedeza mutu potsata kugunda kwake. Achinyamata amene ankamva mawuwo ankangoyang'anana. DJ yemweyo akanangoyerekeza kuika ya Chichewa yotchula theka la zimenezo, akanamuzulira mawaya, ndalama yake osaiona.

Musati ndi nkhani ya kusamva Chingerezi chabe. Ngakhale ife amene timachimva, pakamwa pamapepuka tikamatukwana m'chilankhulo cha eni. Mu ofesi bwana akhoza kutulutsa lija loyamba ndi f magetsi akazima ntchito asanaisunge pa kompyuta, anthu n'kungoseka. Atanena la Chichewa lofanana nalo, mu ofesimo mukhoza kuti zii, ndipo masana nkhani ili kwa a HR. Jean-Marc Dewaele, katswiri wa zilankhulo ku London, anafunsapo anthu oposa 1,000 odziwa zilankhulo zingapo, ndipo anapeza kuti mawu otukwana a chilankhulo chimene munthu anayamwira ndi amene amamulasa kwambiri. La Chingerezi tinaliphunzira mu filimu. La Chichewa tinaliphunzira pamodzi ndi khofi limene tinalandira titalitchula koyamba.

Mtundu uliwonse umatukwanira chimene umachiopa kapena kuchilemekeza. Ku Quebec mawu oopsa kwambiri ndi mayina a zinthu za pa guwa la Katolika, tabernakulo, chikho cha Misa, chifukwa kumeneko mpingo unagwira moyo wa anthu mwamphamvu kwa nthawi yaitali. Adatchi amaponyerana matenda, khansa, taifodi, kolera. Ife dzina la Mulungu timalitchula tsiku lonse osaona vuto, "Mulungu wanga ine!", "Ambuye!", ngakhale basi ikangogunda bampu. Mantha athu tinawaika pa thupi ndi pa mayi.

Pali kutukwana kwina kumene sikupita kwa munthu aliyense, kuja kotuluka kokha nyundo ikaphonya msomali. Azamba amakudziwa bwino, amamva zimene amayi ofatsa a kwaya amanena za amuna awo ululu ukafika pachimake, ndipo saziwerengera. Mu 2009 Richard Stephens wa pa yunivesite ya Keele ku England anauza ophunzira kuti aviike dzanja m'madzi ozizira kwambiri, ena akutukwana, ena akutchula liwu wamba. Otukwanawo anapirira nthawi yotalikirapo. Atabwereza kafukufukuyu mu 2011 anapeza kuti amene amatukwana tsiku lonse sathandizika kwenikweni, mawuwo anatha kale mphamvu. Kondakitala wa minibasi akadzimenya ndi chitseko ndiye kuti alibe pothawira.

Mabwalo ena akadalipo. Ku Biafra pa Kamuzu Stadium, Maule akakumana ndi Manoma, zimene zimaimbidwa kumeneko sungabwereze kunyumba. Woimbira mpira amatukwaniridwa mtundu wake wonse. Koma mphindi 90 zikatha, nthawi zambiri aneba omwewo amakwera minibasi imodzi kupita ku Bangwe, akupitiriza kugemulana, wina n'kumulipirira mnzake. Pamene miyala yayamba kuuluka, aliyense amadziwa kuti mwambo waswedwa. Ma bridal shower a m'tauni nawo anatenga mbali ina ya ntchito ya tsimba, zitseko zikatsekedwa amuna atatulutsidwa.

Koma foni ilibe chitseko. Malangizo amene mayi wachikulire ananena m'chipinda chotseka, wina amajambula mobisa, pofika madzulo ali m'magulu onse, mwana wa zaka 10 akuonera, apongozi akuonera, akulu a mpingo akuonera uku akudzudzula. Voice note ya mkazi wolalatira chibwenzi cha mwamuna wake, imene kale ikanathera pa mjigo anthu ochepa akumva, lero imamvedwa ku Mzuzu, ku Johannesburg ndi ku Leeds tsiku limodzi, ndipo sifufutika. Mawu ake ndi omwe aja a kale. Omvera ndi amene achuluka, ndipo ambiri a iwo sanaitanidwe.

Choipa kuposa pamenepo chili m'makomenti. Mtsikana aike chithunzi, mtolankhani alembe nkhani, woimba atulutse nyimbo yosakoma: anthu mazana amene sanamuonepo amamulankhula ngati asuweni ake. Amatenga chilolezo chonse cha msuweni, ngongole yake osatenga. Sadzabwera pa maliro a kwawo, sadzamuona nkhope mawa panjira, ena dzina lomwe akugwiritsa ntchito si lawo. Ukawafunsa amati "timangocheza", ndipo mawu amenewo kumudzi anali ndi tanthauzo, chifukwa wochezayo ankadziwika kwawo ndipo akapyola malire ankadziwa kumene akakayankhe.

Boma lili ndi malamulo, ena akale, ena atsopano. M'malamulo a milandu muli mlandu wolankhula mawu onyoza amene angasokoneze mtendere, mulinso wonyoza ulemu wa munthu wamkazi. Mu 2016 kunabwera lamulo la za pa intaneti limene limaletsa kuvutitsa ndi kunyoza anthu kudzera pa foni ndi pa kompyuta. Papepala zili bwino. Koma tsatirani nkhani za amene amagona m'chitokosi chifukwa cha mawu, muone kuti mawuwo ankapita kwa ndani. Kawirikawiri ndi kwa mtsogoleri, kwa nduna, kwa wamkulu wina wa mphamvu. Maboma asintha, chizolowezi chimenechi sichinasinthe. Evison Matafale anamangidwa mu 2001 chifukwa cha kalata yowawa imene analembera Pulezidenti Muluzi, ndipo anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November chaka chomwecho.

Nthawi imene ndikukumbukira kuti lamulo linatembenukira mbali inayo ndi mu January 2018, pamene woimba wina wachinyamata anatulutsa nyimbo yoopseza mtsikana womukana kuti adzamugwiririra. Amayi anakwiya, bungwe lounika lija linailetsa, woimbayo anamangidwa. Zinatheka chifukwa anthu anachita phokoso. Ndipo chimene chinali choopsa m'nyimboyo sichinali kutchula chiwalo. Chinali cholinga chake.

Pitani pa depoti iliyonse masana. Mtsikana adutse atavala siketi imene oitanira aiona kuti yafupika. Amayamba ndi likhweru, kenako kukuwiza, kenako "hule iwe", kenako kumufotokozera thupi lake chiwalo ndi chiwalo, mokweza, gulu likuseka. Iye amangofulumiza mapazi, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Ife tili m'minibasi timayang'ana pa foni. Amayi ena achikulire amathira ndemanga yoti wadziputira yekha. Izi zimachitika tsiku ndi tsiku, pamaso pa anthu mazana, ndipo wamkulu wa tayi uja sabwera pa wailesi kudzanena kuti si chikhalidwe chathu. Mu January 2012 zinapyola pa mawu: mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi pamsewu, zaka pafupifupi 20 lamulo la kavalidwe lija litachotsedwa, ndipo ovulawo ankati akuteteza chikhalidwe.

Nanga liwu loti "mfiti"? Mulibe cholaula mmenemo. Likhoza kunenedwa pa guwa, pa wailesi, pamaso pa ana, palibe amene angatseke makutu. Lamulo la 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti, koma ndi angati amaliopa? Ku Neno mu January 2016 anthu okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi gulu mphenzi itapha mtsikana, chifukwa cha liwu limeneli. Ndikaika pa sikelo "pamtumbo pako" wa woyendetsa kabaza amene galimoto yamupanikiza, ndi "agogo ajawa ndi amene akutimaliza" wonenedwa mofatsa pa siwa, sindivutika kudziwa amene ndikumuopa. Makutu athu tinawaphunzitsa kudzidzimuka ndi mawu onyansa, mawu akupha n'kumadutsa bwinobwino.

Ndipo manyazi athuwa ali ndi mtengo wina umene sitiuwerengera. Mawu amene timawatcha otukwana ndi omwenso ali mayina enieni a ziwalo m'Chichewa. Ena tilibe. Tili ndi ozungulira okha: kumaso, malo obisika, kunsi, chida cha abambo, kukhala malo amodzi. Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985 tinataya zaka tikuzungulira chomwechi. Matendawo tinawapatsa mayina, magawagawa, kaliwondewonde, matenda a boma, koma kufotokoza pa wailesi mmene amalowera m'thupi kunali kovuta, ndipo kondomu itayamba kutsatsidwa poyera m'zaka za m'ma 1990 ndi dzina loti Chishango, ambiri anaona ngati dziko lalaula. Anthu ankaikidwa m'manda Loweruka lililonse uku tikukangana za mawu oyenera.

Mpaka lero bambo wachikulire amafika kuchipatala n'kuuza namwino wa msinkhu wa mdzukulu wake kuti "m'thupimu simuli bwino", kenako "kumsanaku", kenako "chakumunsiku", mzere panja ukutalika, ndipo ena amabwerera kwawo ndi panado vuto lenileni asanalitchule. Amayi ambiri amafika mochedwa ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ochuluka m'dziko muno, ndipo mtunda ndi umphawi zili apo, manyazi ofotokoza zimene akuona nawo amathandizira kuchedwako. Mphunzitsi wa sayansi akafika pa mutu wa kuberekana amathawira ku Chingerezi, ana amaloweza mawu oti akalembe mayeso, koma sangawagwiritse ntchito pouza mayi awo chimene chawachitikira.

Kumene zimandipweteka kwambiri ndi kwa ana aang'ono. Mwana amamenyedwa pakamwa tsiku limene watchula dzina la chiwalo chake, ndipo amaphunzira kuti kumeneko sikunenedwa. Kutsimba, kumene akanakamva mayinawo, adzapita atakula, ngati adzapite n'komwe. Pakati apa, munthu wamkulu akamuchita chipongwe, mwanayo amakhala ndi mawu awiri kapena atatu okha: "anandichita zopusa", "anandigwira". Amanena zimenezo kwa mayi ake, mwina mayiyo n'kumva, mwina osamva. Akafika kupolisi ndi kukhoti amafunsidwa kuti afotokoze bwinobwino, zopusa zanji, anakugwira pati, ndi chiyani, pamaso pa akuluakulu omwe aja anamuphunzitsa kuti mwana wabwino satchula zimenezo.